Dzuwa la ku Balaka ndi luso losunga moto

Akuluakulu amasimba kuti pachiyambi, Chauta atatsitsa mwamuna ndi mkazi pa Kaphirintiwa, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi popanda kuopana. Tsiku lina mwamuna uja anatenga timitengo tiwiri, kena kolimba kena kofewa, n'kuyamba kupekesa. Panatuluka utsi, kenako moto. Motowo unagwira tchire lonse, nyama zinabalalika, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nthano imathera pamenepo. Koma amene anayesapo kupekesa moto akudziwa kuti si ntchito yoti munthu n'kumaibwereza m'mawa uliwonse: zikhatho zimatuluka matuza moto usanaoneke. Luso limene linapulumutsa mudzi, ngakhale nthano siliimbira m'manja, linali losunga moto kuti ufike mawa.

M'chigwa cha Shire, kumene lero kuli maboma a Balaka ndi Machinga, Amang'anja ndi Anyanja anapeza dziko lotentha, la mvula yochepa, lodzaza malambe ndi tsanya. Tsanya ndi mtengo wolimba gwa, wolemera, wosachedwa kubunthitsa nkhwangwa, koma chikuni chake chikagwira moto chimanyeka pang'onopang'ono usiku wonse. Pogona mayi ankachikwirira ndi phulusa. Mbandakucha ankafukula n'kuuzira, khala lofiira n'kudzuka. Amene moto wamuzimira ankatuma mwana ndi phale kukapala kwa anansi, mwanayo n'kubwerera chothamanga kuti khala lisafere panjira. Usiku kukamveka phokoso kukhola, bambo ankasolola udzu pang'ono n'kuyatsa muuni. Muuni sunkachedwa kutha, ndipo nyumba zambiri zinapsa nawo.

Dzuwa lokha silinasowepo. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, ku Balaka limawomba mochita kuwawula, moti masana mchenga supondeka ndi phazi lopanda nsapato. Makolo ankalituma ntchito imodzi, ndipo ankaidziwa bwino: kuumitsa. Nkhwani ndi chitambe zinkasanduka mfutso, chinangwa chinkasanduka makaka, ufa unkayanikidwa pa mphasa, matemba a ku Chilwa ndi nsomba za m'Shire zinkauma pa thandala. Chimene dzuwa laumitsa mu Okutobala chinkadyedwa mu Febuluwale, nthawi ya njala. Kuwala kwake kokha ndiye kunalibe choikamo. Likalowa kuseri kwa mapiri a Ntcheu, kunkatsala mwezi ndi moto basi, n'chifukwa chake magule ndi masewera a ana ankatsata mwezi.

Chapakati pa zaka za m'ma 1800, Ayao a mtundu wa Amachinga anatsikira kuno kuchokera kum'mawa, m'dziko limene lero ndi Mozambique, atakankhidwa ndi nkhondo ndi njala. Mafumu monga Kawinga, Liwonde, Kalembo ndi Nsamala anakhazikika m'mbali zonse ziwiri za Shire. Angoni a Maseko anali pamwamba, ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo pambuyo pake Alhomwe nawo anayamba kulowa m'dziko muno kudzera m'malire a kum'mawa. Ayao anali anthu a maulendo aatali. Ankafika kugombe la nyanja yamchere atasenza minyanga, ndipo tisabise, ankagulitsanso anthu. Pobwerera ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, komanso Chisilamu. Midzi inasintha kamangidwe, kavalidwe ndi kapembedzedwe, koma usiku sunasinthe. Mfumu ndi kapolo ankaunikidwa ndi moto womwewo.

David Livingstone anadutsa m'chigwachi mu 1859 akupita kunyanja. Patapita zaka pafupifupi 20, sitima za pamadzi za amishoni ndi za kampani ya African Lakes, imene aliyense ankaitcha Mandala, zinayamba kuyenda pakati pa Matope ndi nyanja kudutsa pa Liwonde. Sitima zimenezi zinkadya nkhuni, ndipo anthu a m'mbali mwa mtsinje anaphunzira kuti mtengo ukhoza kugulitsidwa. Masitolo a Mandala ndi a Amwenye anabweretsa machesi, nyali ndi palafini. Kenako nyanja inatsika, mchenga ndi bango zinatseka pakamwa pa mtsinje, ndipo kuyambira cha m'ma 1915, kwa zaka pafupifupi 20, Shire anasiya kutulutsa madzi m'nyanja. Sitima zinaima. Nkhani imeneyi ambiri anaiiwala, koma akatswiri a zamagetsi saiiwala.

Mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera pa Balaka. Siteshoni inakoka masitolo, misika ya thonje ndi amishoni, ndipo kamudzi kanayamba kusanduka tauni. Palafini ankabwera pa sitima m'madiramu, n'kugawidwa m'zitini, kenako m'mabotolo, mpaka kufika kumudzi atachepa kwambiri.

Mfumu ya usiku m'zaka zimenezo inali koloboyi. Kapangidwe kake sikanali kovuta: kachitini kapena kabotolo kotha mankhwala, chivindikiro chobooledwa pakati, ndi kansanza kopotedwa kuti kazikoka mafuta. Lawi lake linali lachikasu, logwedezeka, la utsi wambiri. Mwana amene wawerengera mayeso pa koloboyi ankadziwika m'mawa ndi mwaye m'mphuno, nthawi zina ndi tsitsi lowauka kutsogolo. Aphunzitsi ndi akalaliki ankakhala ndi nyali yagalasi. Matchona obwerera kuchokera ku Joni kapena ku Salisbury ankatha kubwera ndi nyali yopopa, ija imawala mbee uku ikuchita mkokomo, ndipo mudzi wonse unkabwera kudzaona. Palafini anathetsa vuto lakale, chifukwa moto tsopano unkasungika m'botolo kwa miyezi osazima. Koma unali moto woyamba wofuna ndalama. Chikuni cha tsanya chinkangofuna nkhwangwa. Koloboyi ankafuna kuti wina alime thonje, apite kukagwira ntchito ku esiteti, kapena alembetse ulendo wa kumigodi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linayang'ana kwa Shire. Mu 1965 pa Liwonde panamangidwa Kamuzu Barrage, zitseko zoletsa ndi kutsegulira madzi, ndipo mu 1966 makina a pa Nkula anayamba kupanga mamegawati 24 a magetsi. Tedzani anatsatira mu 1973, Kapichira mu 2000. Nzeru ya zitsekozo inali yakuti nyanja yonse ikhale chosungiramo: madzi a dzinja aimitsidwe, azitulutsidwa moyesa m'chilimwe kuti makina a kumunsi asaime. Choncho kiyi wa magetsi a dziko lonse anapachikidwa pamalire a Balaka ndi Machinga. Asodzi a pa Liwonde ankaona zitseko zikukwezedwa ndi kutsitsidwa, kenako n'kubwerera kunyumba kukayatsa koloboyi. Nthambo za ESCOM zinatsata misewu ikuluikulu, njanji ndi maofesi a boma. Ndondomeko yopereka magetsi kumidzi ya MAREP inayamba m'ma 1980, koma inkafika pamalo ochitira malonda, pachipatala ndi pachigayo. Nyumba yofolera udzu inalibe gawo.

M'zaka zomwezo, kutali kwambiri ndi Shire, anthu ena ankalimbana ndi dzuwa. Mu 1839 mnyamata wa ku France, Edmond Becquerel, anali ataona kale kuti kuwala kukagwera pa zitsulo zina zoviikidwa m'madzi a mankhwala kumatulutsa timagetsi. Kwa zaka zoposa 100 chinali chidwi chabe cha m'nyumba zoyesera zinthu. Mu 1954 akatswiri atatu a ku Bell Labs ku America, Daryl Chapin, Calvin Fuller ndi Gerald Pearson, anapanga kachidutswa ka silicon kosandutsa magetsi pafupifupi magawo 6 pa 100 alionse a kuwala kogwerapo. Silicon amachokera mumchenga, koma kumuyeretsa kunali kodula moti oyamba kugula anali okhawo oponya zombo mumlengalenga; setilaiti ya Vanguard 1 inanyamula timapanelo mu 1958. Mu 1977 wati imodzi yokha ya sola inkagulidwa madola oposa 70. Pa mtengo umenewo, panelo loyatsa mababu awiri kapena atatu likanadya thonje la banja la zaka zingapo.

Magetsi oyamba kulowa m'nyumba za kumudzi ku Balaka sanabwere pa nthambo kapena pa denga. Anabwera m'mabatire a wailesi. Wailesi ya Nzeru, yopangidwa m'dziko momwe muno, inkakhala pakhonde itavekedwa kansalu, ndipo mwini wake ankaizimitsa nkhani zikangotha kuti mabatire asathe. Akayamba kufooka, ankawatulutsa n'kuwandandalika padzuwa, pamwala kapena pa lata. Madzulo ankalankhulitsadi wailesi kwa kanthawi. Sikuti dzuwa linkalowamo ayi. Kutentha kunkangotakasa mankhwala otsalira m'katimo. Komabe anthu anali ataganiza kale zoti dzuwa liyenera kulowa m'batire, sayansi isanawafikire.

Balaka inapatukana ndi Machinga n'kukhala boma palokha mu 1998, ndipo chaka chotsatira wailesi yakanema ya dziko lino inayamba kuulutsa. Mafoni a m'manja nawo anali atayamba kufika. Apa ndi pamene batire ya galimoto inayamba kukwera njinga. Mwini vidiyo sho kapena malo ometera kumudzi ankaimangirira pa kaliyala ndi mphira, n'kupalasa ulendo wa maola kupita pamene pali magetsi a ESCOM, kuisiya usiku wonse kuti itchajidwe, mawa n'kubwereranso kukaitenga. Asidi ankadontha n'kubowola mathalauza. Mtundu wa batire umenewu, wa mtovu ndi asidi, anaupanga Gaston Planté ku France mu 1859, chaka chomwe Livingstone anadutsa m'chigwa chathu, ndipo m'kati mwake simunasinthe kwenikweni mpaka lero.

Mapanelo oyamba anaoneka pa madenga a mishoni, a zipatala zing'onozing'ono ndi a sukulu, obwera ndi mabungwe othandiza. Ankayendetsa firiji yosungira katemera, wailesi yoitanira ambulansi, ndi mababu a m'chipinda chochiritsira amayi oyembekezera. Pa tsiku lotsegulira pankakhala magule ndi malankhulidwe. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, mababu ankayamba kuzima pakati pa usiku, kenako chakumadzulo ndithu, kenako osayakanso. Anthu ankati sola yafa. Koma panelo silifa msanga. Limatha kugwira ntchito zaka 25. Chimene chinkafa ndi batire. Batire ya mtovu imadana ndi zinthu ziwiri: kutentha, ndi kukamidwa mpaka kuuma. Ku Balaka zonse ziwiri zinalipo. Chipinda chofolera malata mu Okutobala chimafupikitsa moyo wake, ndipo kabokosi kamene kamadula magetsi batire ikatsika kwambiri, anthu ankakalambalala ndi waya poganiza kuti kakuwamana. Madzi oyenera kuthiramo akasowa, ankathira a pamjigo. Bungwe lija linali litapita, ndipo palibe anasiya ndalama yogulira ina.

Boma nalo linalawa zomwezo. Cha m'ma 2007 linakhazikitsa midzi ingapo yachitsanzo yoyendera dzuwa ndi mphepo, monga Elunyeni ku Mzimba ndi Kadzuwa ku Thyolo. Mabatire atatopa, yambiri mwa midzi imeneyi inabwerera mumdima. Ine ndimaona kuti cholakwa cha zaka zimenezo chinali kutenga sola ngati mphatso yopereka kamodzi, pamene kwenikweni ndi munda ndi nkhokwe: munda umabereka chaka ndi chaka, koma nkhokwe imafuna kumatidwa, kufoleredwa, ndipo pakapita nthawi kulukidwa ina. Opereka ankajambulitsa pamunda.

Ku Balaka mabungwe ena anayambira kukhitchini. Concern Universal inafalitsa chitetezo mbaula m'dera la Nsamala ndi madera ena, mbaula yadothi youmbidwa ndi amayi a m'midzi momwemo imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Chifukwa chake chinali choonekeratu. Tsanya anali akutha, wina kupita ku makala ogulitsa m'mbali mwa msewu wa Zalewa, wina kukawotchera laimu wa miyala ya ku Chenkumbi.

Koloboyi sanaphedwe ndi sola. Anaphedwa ndi kababu kakang'ono ka LED. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura anapeza njira yopangira LED yowala mobiriwira ngati thambo, imene inatsegula njira ya LED yoyera. Analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Babu lotere limadya kachigawo kochepa chabe ka magetsi amene babu lakale lija la kawaya linkadya. Matochi a LED ochokera ku China atadzaza m'misika, mafuta nawo anasowa m'dziko muno mu 2011 ndi 2012, palafini n'kukhala wosaoneka ndi wodula. Kalembera wa 2008 anapeza kuti mabanja oposa 80 pa 100 alionse ankaunikira palafini. Wa 2018 anapeza kuti oposa theka akuunikira matochi ndi mabatire, pafupifupi 11 pa 100 magetsi a ESCOM, pafupifupi 7 pa 100 sola, ndipo palafini watsala pang'ono kutheratu. Kusintha kumeneku kunachitika m'zaka 10 zokha, popanda ndondomeko ya boma kapena mwambo wodula riboni. Anyamata a kumudzi ankaphwasula tochi yowonongeka, kuchotsa timababu take, kulumikiza ndi tiwaya ta wailesi yakale, mabatire atatu kapena anayi n'kuwakulunga m'katoni, nyumba yonse n'kuwala. Kuipa kwake, mabatire otsika mtengowo sankachedwa kutha, ndipo ankatayidwa kudzala kumene ana amasewera.

LED inathandizanso sola m'njira imene ambiri saiganizira. Babu likamadya pang'ono, panelo ndi batire zimachepa, mtengo nawo n'kutsika. Tinyali ta sola tokwana m'manja, tina tokhala ndi potchajira foni, tinayamba kugulitsidwa kudzera m'sukulu ndi bungwe la SunnyMoney. Mtengo wa mapanelo padziko lonse unali ukugwa. Germany inakhazikitsa lamulo mu 2000 lolipira bwino aliyense wopanga magetsi a dzuwa, China inamanga mafakitale akuluakulu kuti ikwaniritse msikawo, ndipo lero mapanelo oposa 80 pa 100 amapangidwa komweko. Wati imodzi ija ya madola oposa 70 inatsika mpaka kusakwana theka la dola. Mapanelo ambiri a lero amagwira magawo oposa 20 pa 100 a kuwala.

Mbali yosungira inali ikusinthanso. Batire ya lithium, imene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, inakula ndi mafoni ndi makompyuta, kenako ndi magalimoto oyendera magetsi. John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino analandira Nobel mu 2019 chifukwa cha ntchito imeneyi. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wake unatsika ndi pafupifupi magawo 90 pa 100. Mtundu wina, wa lithium wosakaniza ndi chitsulo ndi phosphate, ndiwo woyenera dziko lotentha: sufuna kuthiridwa madzi, sugwira moto chisawawa, umalola kukamidwa kwambiri, ndipo umadzazidwa ndi kukhuthulidwa kambirimbiri usanatope.

Nthawi yomweyo Shire anakumbutsa dziko za 1915. Mvula itavuta mu 2015 ndi 2016, nyanja inatsika, ndipo chakumapeto kwa 2017 magetsi ankatha kuzima tsiku lathunthu. Namasupuni ndi zinyalala zinkaunjikana pa Liwonde, matope ochokera m'mapiri ometedwa ankadzaza madamu. Owotcherera zitsulo ndi eni zigayo m'tauni ya Balaka ankagona pantchito kudikira kuti magetsi akayaka pakati pa usiku agwireko pang'ono. Mu 2017 ntchito yopanga magetsi inachotsedwa m'manja mwa ESCOM n'kuperekedwa ku kampani yatsopano ya EGENCO, ndipo malamulo analola makampani ena kupanga magetsi n'kugulitsa. Mu 2018 dziko linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, odula kwambiri, amene anakhala mpaka 2022.

Balaka inapezekanso pakati pa nkhaniyi. Ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America, la madola pafupifupi 350 miliyoni, pa Phombeya panamangidwa siteshoni yaikulu ya magetsi ndi nthambo ya makilovoti 400 yopita ku Nkhoma, zomwe zinatha mu 2018. Nthambo ya makilomita 218 yolumikiza Malawi ndi Mozambique, kuchokera ku Matambo ku Tete, mathero ake ndi pa Phombeya pomwepo. Monga pa Nkaya pamakumana njanji za ku Moatize, Nacala, Blantyre ndi Salima, pa Phombeya pamakumana nthambo. Pansi pa nsanja zachitsulo zimenezi pali midzi imene imaunikirabe tochi.

Munda woyamba waukulu wa mapanelo unatsegulidwa ku Salima mu Novembala 2021, wa mamegawati 60, womangidwa ndi kampani ya JCM Power ya ku Canada ndi anzake. Patangotha miyezi iwiri, mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, limene linali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ochokera m'madzi. Kwa chaka ndi miyezi, dzuwa la ku Salima linachirikiza dziko masana. Linaonetsanso malire ake. Mtambo ukaphimba mapanelo, mamegawati ambiri amasowa m'mphindi zochepa, ndipo nthambo za dziko laling'ono ngati lathu zimagwedezeka. Komanso anthu amafuna magetsi kwambiri kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo, pophika ndi poyatsa mababu, nthawi yomwe dzuwa likutsanzika.

Yankho loyamba lili pa msewu wochokera ku Balaka kupita ku Salima. Pa Golomoti, m'boma la Dedza, mu 2022 panatsegulidwa munda wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire a lithium otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Unali m'gulu la oyambirira a mtundu umenewu kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Wodutsa pa minibasi amaona mizere ya mapanelo, koma chatsopano chili m'mabokosi achitsulo ooneka wamba amene ali pambali. Mtambo ukadutsa, mabatire amatseka mpatawo m'kuphethira kwa diso. Dzuwa likapendeka, amatulutsa zimene anasunga masana. Maola awiri si usiku wonse, ndipo mamegawati 5 ndi ochepa pa dziko lonse. Koma ESCOM inaona phindu lake, ndipo chakumapeto kwa 2024 inayamba kumanga mabatire a mamegawati 20 ku Kanengo mu Lilongwe. Pali ubwino winanso wosaoneka ndi maso: magetsi a dzuwa akachuluka masana, makina a pa Shire akhoza kuchepetsa madzi amene akumwa, madziwo n'kudikira madzulo.

Kumidzi zinthu zinayenda njira yakeyake. Airtel Money ndi Mpamba zitafala, makampani monga Yellow ndi Zuwa Energy anayamba kupereka sola ya pangongole: kapanelo, mababu atatu kapena anayi, potchajira foni, nthawi zina wailesi kapena kanema, ndi kabokosi kokhala ndi batire ya lithium m'kati. Munthu amapereka kangachepe koyamba, kenako amalipira pafoni pang'onopang'ono. Akalephera, kabokosi kamadzitseka kokha mpaka atalipira. Njira imeneyi inalowetsa kuwala m'nyumba zambiri zimene nthambo sizikanafika, ngakhale ili ndi ululu wake, chifukwa miyezi imene ndalama imasowa, Januwale ndi Febuluwale, ndi yomweyo imene ana ali pasukulu. Kwacha nayo sinathandize. Inagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, moti kutsika kwa mitengo kumene anthu a kunja amakondwera nako kumafika pamsika wa Balaka kutadyedwa kale.

Kuyambira 2018, ntchito ina yothandizidwa ndi boma la Scotland, yoyendetsedwa ndi University of Strathclyde pamodzi ndi United Purpose ndi Community Energy Malawi, inasankha maboma a Dedza ndi Balaka. Ku Mthembanji, m'boma la Dedza, mu 2020 inamanga kagridi ka mudzi ka makilowati 12, ka mabatire a lithium ndi mamita olipiriratu, kuti ndalama yokonzera ndi yogulira zida zatsopano izichokera kwa ogwiritsa ntchito okha. Phunziro la midzi yachitsanzo ija linali litamveka.

Koma chinthu chimene chikusintha kwambiri moyo m'chigwa chouma ngati chino mwina ndi mpope wa sola, ndipo ubwino wake ndi wakuti sufuna batire n'komwe. Dzuwa likatuluka mpope umayamba kukoka madzi m'chitsime, mumjigo kapena mumtsinje wa Rivirivi, n'kuwakweza m'thanki yoikidwa pa nsanja. Dzuwa likalowa mpope umaima, koma madzi ali kale pamwamba, ndipo amatsika okha popita kumipopi kapena kudimba. Tsiku lotentha kwambiri, limene mbewu zimafuna madzi ambiri, ndi lomwenso mpope umakoka kwambiri. Chilala cha 2024, pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, chinachititsa alimi ambiri kusirira anzawo a madimba othirira. Funso limene silinafunsidwe mokwanira ndi la madzi a pansi pa nthaka: mpope wa dizilo unkaima mafuta akatha, koma wa dzuwa ulibe chouletsa.

Pansi pa nthaka yomweyo pali nkhani ina. Phiri la Kangankunde, m'boma la Balaka, lili ndi miyala ya mtundu wosowa imene akatswiri anaidziwa kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo kampani ya Lindian Resources ya ku Australia inalowapo mu 2022. Miyala imeneyi sipita m'mabatire kwenikweni. Imapanga maginito amphamvu a m'magalimoto oyendera magetsi ndi a m'makina opukusidwa ndi mphepo. Za m'mabatire zili kwa anansi: lithium ku Bikita m'Zimbabwe, graphite ku Balama m'Mozambique ndi ku Kasiya kuno kwathu, cobalt ku Congo. Zambiri zimachoka zili zosayengedwa kwenikweni, n'kubwerera zitaikidwa m'kabokosi kolembedwa zilembo za ku China.

Ndipo kabokosiko kakatopa, kamapita kuti? Batire ya mtovu ili ndi msika: ogula zitsulo zakale amaiyeza pa sikelo n'kulipira, ngakhale asidi wake nthawi zambiri amangokhuthulidwa pansi, ndipo mtovu ndi poizoni woopsa kwa ana. Ya lithium ilibe msika wotere. Zoyamba kugulitsidwa m'midzi ya Kalembo, Nsamala ndi Liwonde zayamba kufika pa msinkhu wotopa. Amisiri okonza mafoni ndi mawailesi pamsika aphunzira kutsegula timabokosi timeneti, kuyeza timabatire ta m'kati kamodzikamodzi, ndi kulumikiza tamoyo kuti tiyatse nyali ina. Takufa timaunjikidwa m'katoni pansi pa tebulo, pamodzi ndi mafoni osweka.